Mwana wanga amadzimenyetsa mutu pakhoma, ndiyambire pati?

Mayi wa awiri:

Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga mwakachetechete, koma lero ndati nanenso ndifunse chifukwa ndasowa mtengo wogwira.

Mwana wanga wachiwiri ndi wamwamuna, wakwanitsa zaka 4 mwezi wathawu. Miyezi isanu yapitayo madokotala anatiuza kuti ali ndi autism, vuto la kakulidwe ka ubongo limene limakhudza kulankhula ndi kucheza ndi anthu. Ine ndinali nditaona kale kuti china chake sichili bwino. Ali ndi chaka ndi miyezi itatu ankatchula timawu tingapo, "mama", "madzi", "bwera", kenako timawu tija tinangosowa ngati wina watitola. Ukamuitana dzina satembenuka, moti poyamba tinkati ndi makutu, koma atamuyeza anapeza kuti amamva bwinobwino. Ndipotu amamva zedi: ndikangotsegula mpopi kubafa, iye ali panja, amatulukira akuthamanga. Saloza chinthu ndi chala. Akafuna kanthu amagwira dzanja langa n'kulikokera pomwe pali chinthucho, osandiyang'ana n'komwe, ngati dzanjalo ndi mbedza. Masewera ake ndi kundandalika zopanira zovala pakhonde, kuchokera pachitseko mpaka kumapeto, ndipo ukasuntha chimodzi umaona zakuda.

Chandibweretsa ndi ichi. Kuyambira chaka chatha wayamba kudzimenyetsa mutu pakhoma, nthawi zina pansi pa simenti. Si pang'ono ayi, umamva kuti gu! gu! uli kukhitchini. Pachipumi pali chotupa chosaphwa, chikamati chiphwe wamenyanso. Ndikamugwira amandiluma, mkono wangawu uli ndi zipsera zitatu. Dzulo wachita kanayi. Ulendo womaliza ndinangokhala naye pansi, iye akulira ine ndikulira, mlongo wake wa zaka 7 ataima pakhomo kakasi, kope la homuweki lili m'manja.

Apongozi anga amakhala nafe. Iwo akuti mwanayu ndamusasatitsa, akuti ana onse amene analera iwo panalibe wochita zimenezi, kakwapu kamodzi kokha angasiye. Bambo ake salankhula zambiri, amangoti "adzalankhula, nanenso ndinachedwa", kenako atuluke. Anansi anasiya kutumiza ana awo kwathu chilumireni mwana wa nyumba yoyandikana nafe. Inenso ndinasiya kupita naye kulikonse kumene kuli anthu, maso awo amandilasa kuposa mawu.

Adokotala anatchula za maphunziro a khalidwe otchedwa ABA. Nditafufuza pa intaneti ndinapeza akunena za maola 40 pa mlungu ndi katswiri. Ndinangoseka ndekha. Ine ndimagwira ntchito, ndalama zoterozo ndilibe, ndipo pamndandanda wodikira katswiri wa kalankhulidwe dzina lathu lili kutali. Ndiye ndikufunsa: pali chimene ine kholo wamba ndingachite pakhomo kuti asiye kudzipweteka? Nanga anthu amene tikukhala nawowa, inu munatani kuti akhale mbali yanu? Musandibisire, ndiuzeni ngakhale zowawa.

Bambo wa mnyamata wa mabasi:

Amayi, pepani kwambiri. Ndawerenga ngati mukunena za m'nyumba mwanga zaka 7 zapitazo. Wanga pano ali ndi zaka 11, amadziwa pamtima nambala ya basi iliyonse yodutsa mumsewu wathu, koma zingwe za nsapato ndimamumangirabe ndine. Sindine katswiri, ndimakonza mafiriji. Ndingokuuzani zimene zinatithandiza.

Tengani kope, mulembe mizere iwiri yotsika kuti tsamba likhale ndi magawo atatu. M'gawo loyamba muzilemba chimene chinachitika asanamenye mutu: nthawi yanji, panali ndani, amachita chiyani, kunali phokoso lanji. M'gawo lachiwiri, wachita chiyani kwenikweni komanso kwa mphindi zingati. Gawo lachitatu ndi lowawa kulemba, chifukwa ndi la inuyo: atatero, inu ndi ena a m'nyumbamo munatani? Lembani milungu iwiri osasintha kalikonse. Musadalire mutu, mutu wa munthu wotopa umanama. Ine ndinkalumbira kuti mwana wanga amangoyamba popanda chifukwa.

Wanga ankadziluma dzanja mpaka kutuluka magazi. Kope litadzaza masamba angapo, mayi ake anazungulira ndi cholembera chofiira mawu amodzi amene ankabwerabwera m'gawo loyamba: nsapato. M'gawo lachitatu munali mawu amodzimodzinso: tinamuvula. Ndiye kuti ife tomwe, mosadziwa, tinali titamuphunzitsa kuti njira yachangu yovulira nsapato ndi kudziluma. Titayang'anitsitsa tinapeza kuti vuto si nsapato n'komwe, ndi msoko wa sokosi umene umadutsa pamwamba pa zala. Tinayamba kumuveka masokosi chotembenuza, msoko kunja. Theka la nkhondo ya m'mawa inathera pomwepo. Mpaka lero amavala choncho.

Odziwa za khalidwe amati mwana akamabwereza chinthu chovuta, kawirikawiri chimakhala chikumugwirira ntchito imodzi mwa zinayi: kupeza chimene akufuna, kuthawa chimene sakufuna, kukoka munthu kuti abwere pafupi, kapena kukhazika pansi thupi lake lomwe. Mu 1985 Edward Carr ndi Mark Durand anaonetsa kuti mwana ukamuphunzitsa njira ina yopemphera chinthu chomwecho, makhalidwe ovuta aja amachepa. Kunena mwachidule, mutu pakhomapo ndi mawu. Mwana wanu alibe ena, ndiye akugwiritsa ntchito amene aliyense m'nyumbamo amawamva msanga. Kukwapula ndi kutseka pakamwa pa munthu amene akukuuzani kanthu.

Koma njira yatsopanoyo iyenera kukhala yosavuta ndi yachangu kuposa khoma. Khoma limamubweretsera amayi ake pa masekondi awiri. Tinene kuti mwamuphunzitsa kupempha pokupatsani chithunzi cha chimene akufuna: akakupatsani chithunzicho inu n'kunena kuti "dikira ndimalize kutsuka mbale", abwerera kukhoma, ndipo sanalakwe, wasankha chimene chimagwira ntchito. Masiku oyamba, akangopempha mwa njira yatsopano, siyani chilichonse mum'patse.

Ndikuchenjezeni chinthu chimodzi kuti musadzagwe mphwayi. Mukasintha mmene mumayankhira, masiku oyamba zinthu zimaipiraipira. Zili ngati munthu wadina switchi magetsi osayaka: sachoka nthawi yomweyo, amadinanso mwamphamvu kangapo. Ambiri amasiyira pamenepa n'kumati njirayi yalephera. Komanso kumenyetsa mutu si chinthu chongonyalanyaza ayi. Ikani pilo kapena dzanja lanu pakati pa mutu ndi khoma, mawu ochepa, osakalipa, osachitanso msonkhano pomuzungulira.

Za anansi. Wanga ali ndi zaka 5 anasowa kwa mphindi pafupifupi 40, tinakamupeza pamalo okwerera basi akuwerenga manambala, alibe nazo ntchito. Kafukufuku wina wa ku America amene anatuluka mu 2012 anapeza kuti pafupifupi theka la ana a autism anayesapo kuchoka pamalo otetezeka atapitirira zaka 4, ndipo ambiri amakopeka ndi madzi, n'chifukwa chake ngozi yomira ndi yaikulu kwa iwo. Mwati wanu amathamangira mpopi, ndiye migolo ndi zidebe zikhale zovundikira. Tsiku lotsatira kusowa kuja ndinayenda khomo ndi khomo, manyazi nditawasiya kunyumba. Sindinapite kukaphunzitsa anthu za ubongo. Ndinkangoti: "Mwana wanga akamuitana sayankha. Mukamuona ali yekha kunja kwa mpanda musamuthamangitse, muziyenda naye limodzi n'kundiimbira, nambala ndi iyi." Anthu ukawauza kuti "mumvetseni" amangogwedeza mutu, koma ukawapatsa ntchito amaigwira. Mayi wina amene ankandiyang'ana ndi diso lofiira ndi amene wamubweza kawiri konse.

Bambo akewo musawaweruze msanga. Nanenso ndinkatuluka. Kunali kulira kumeneko, kungoti sindinkadziwa kulira kwake. Apatseni ntchito imodzi imene ndi yawoyawo, kaya kumusambitsa kaya kuyenda naye madzulo.

Wofunira zabwino:

Achemwali, mwati mawu anasowa ali ndi chaka ndi miyezi itatu. Si nthawi imene anabayitsa katemera imeneyo? Ine ndinamva kuti katemera ndi amene amayambitsa zimenezi. Pali gulu lina pa Facebook limene limagulitsa timadontho totsuka m'thupi, makolo ambiri akuchitira umboni kuti ana awo anayamba kulankhula. Enanso akuti mukasiya kumupatsa mkaka ndi zatirigu amachira. Palibe cholakwika kuyesa.

Mphunzitsi wa kalasi yaing'ono:

Ndiyambe ndi inu a Wofunira zabwino, chifukwa cholakwika chilipo ndithu. Nkhani ya katemerayi inafala ndi dokotala wa ku England, Andrew Wakefield, amene mu 1998 analemba m'magazini ya zachipatala ya The Lancet za ana 12 okha. Zitadziwika kuti munali chinyengo, magaziniyo inachotsa nkhaniyo mu 2010, iye n'kuletsedwa kugwira ntchito ya udokotala chaka chomwecho. Ku Denmark anatsatira ana oposa 650,000, zotsatira zake n'kutuluka mu 2019: obayidwa katemera wa chikuku sanapezeke ndi autism kuposa osabayidwa. Zimangochitika kuti msinkhu wa katemerayu ndi womwewo umene zizindikiro zimayamba kuonekera. Gwero lalikulu lili m'chibadwa, ndipo zimenezi zinayamba kuoneka bwino mu 1977 pamene Susan Folstein ndi Michael Rutter anafufuza mapasa. Timadontho tija n'chikomekome cha nkhuyu. Tina timakhala mankhwala oyeretsera a chlorine dioxide, amene bungwe loona za zakudya ndi mankhwala la FDA ku America linachenjeza mu 2019 kuti kumwa ameneyo n'chimodzimodzi kumwa bulitchi. Mu 2005 mnyamata wa zaka 5 anafa ku Pennsylvania akumupatsa mankhwala oti achotse zitsulo m'magazi. Za kudula zakudya, ana ambiri a autism amadya kale mitundu yowerengeka. Kuwachotseranso ina popanda dokotala n'kuwaika panjala.

Amayi, tsopano kwa inu. Ndaphunzitsa ana oterewa zaka 14. Choyamba, simunamusasatitse. Kuloza chala amayi si kwachilendo: m'zaka za m'ma 1960 Bruno Bettelheim anatchuka ndi mfundo yoti autism imabwera chifukwa cha amayi ouma mtima, amayi ambiri anafa ndi chisoni chimenecho, koma inali mfundo yabodza.

Zimene anena abambo a mabasiwa ndi zoona, koma ndionjezere chimene chiyenera kubwera patsogolo pa kope: thupi. Mwana wosalankhula dzino likamamupweteka sanganene. Khutu, mutu, kudzimbidwa, kusagona, zonsezi zimatulukira m'khalidwe. Ndinali ndi mtsikana m'kalasi amene anayamba kudzimenya mbama mwadzidzidzi, ife n'kumakonza mapulani a khalidwe mwezi wathunthu, chonsecho m'khutu munali mafinya. Mpaka pano ndimachita nazo manyazi. Pitani naye akamuone mano, makutu ndi m'mimba, chotupa cha pachipumicho achionenso. Ndipo mukaona akungoti ndwii kwa masekondi angapo osamva ngakhale mutamugwira, auzeni adokotala, chifukwa khunyu imapezeka kwambiri mwa ana a autism kuposa ana ena.

Maola 40 amene anakuseketsaniwo anachokera kwa Ivar Lovaas wa ku yunivesite ya UCLA. Mu 1987 analemba za ana 19 amene anaphunzitsidwa maola amenewo pa mlungu, n'kunena kuti 9 mwa iwo anakwanitsa kalasi yoyamba m'sukulu wamba. Ana 19, amayi. Powayerekeza ndi ana ena sanawagawe m'magulu mwamaere, ankagwiritsanso ntchito zilango monga kumenya pantchafu, ndipo amene anabwereza pambuyo pake sanapeze zotsatira zazikulu choncho. Nambala ija inangokakamira m'mitu ya anthu. Sindikunena kuti akatswiri ndi osafunika, dzina lanu lisachoke pamndandanda uja. Koma musadzione ngati mwana wanu watayika chifukwa mulibe maola 40.

Pali umboni wabwino wa njira zodutsira mwa kholo. Ku England, gulu la Jonathan Green wa ku Manchester linayesa njira yotchedwa PACT pa ana 152 a zaka 2 mpaka 4. Kholo limajambulidwa vidiyo likusewera ndi mwana, kenako limaonera limodzi ndi katswiri kuti lione tizizindikiro timene mwana amapereka koma timadutsa osaoneka. Kunyumba amayeserera mphindi 20 kapena 30 patsiku. Atawatsatira anawo patapita zaka pafupifupi 6, lipoti la 2016 linati zizindikiro zawo zinali zocheperako kuyerekeza ndi anzawo amene sanalandire njirayi ndipo ankayamba okha kulankhulana ndi makolo. Sanachire, ndipo pa mayeso a chilankhulo panalibe kusiyana, ndinene zoona. Njira yomweyi anaisintha n'kuiyesa ku Goa ku India ndi ku Rawalpindi ku Pakistan, ophunzitsa makolo ali anthu oti si akatswiri, ndipo inathandiza. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO nalonso lili ndi pulogalamu ya Caregiver Skills Training ya makolo a ana a zaka 2 mpaka 9: misonkhano 9 ya pagulu ndi maulendo 3 okuyenderani kunyumba. Mabuku ake anatuluka mu 2022, ali pa webusaiti yawo. Funsani kuchipatala chanu ngati ikuchitika pafupi.

Poyembekezera zimenezo, yambani ndi zopanira zovala zija. Khalani pansi pambali pake ndi mulu wanu, muzindandalika mzere wanu. Osamufunsa mafunso, osati "ichi n'chiyani, mtundu wanji, nena". Mukamatsanzira iye, tsiku lina adzakuponyerani diso kuti aone ngati mukutsatira. Pamenepo ndi poyambira. Kenako sungani zopanira zingapo m'dzanja, dikirani, muwerenge chamumtima mpaka 10. Akuluakulufe kudikira kumativuta, timamalizira ana chilichonse asanapemphe.

Za zithunzi, njira yodziwika ndi PECS imene Andy Bondy ndi Lori Frost anayambitsa ku Delaware mu 1985. Gawo loyamba limafuna anthu awiri. Inu mukhale kutsogolo kwake mutanyamula chinthu chimene amachikonda kwambiri, chithunzi cha chinthucho chili pakati panu. Musalankhule. Akatambasula dzanja kuti atenge chinthucho, munthu wachiwiri amene ali kumbuyo kwake agwire dzanjalo mofatsa, alitsogolere kutola chithunzi n'kuchiika m'dzanja lanu. Nthawi yomweyo tchulani dzina la chinthucho n'kumupatsa. Pang'onopang'ono wakumbuyo uja azichepetsa thandizo mpaka mwana azichita yekha. Chithunzi chimodzi kaye, osati khumi. Jambulani chinthu chake chenichenicho pafoni n'kusindikiza, osati cha m'buku. Makolo amaopa kuti zithunzi zimupangitsa ulesi wolankhula, koma kafukufuku sanapeze zimenezo, ndipo kwa ana ena mawu amabwera motsatira zithunzizo.

Chomaliza, ana ambiri a autism amavutika chinthu chikatha mwadzidzidzi. Muzimuchenjeza: "katsala kamodzi, kenako tatha", mawu omwewo tsiku lililonse, ndipo aliyense m'nyumbamo azinena omwewo. Mzere wa zithunzi woonetsa chimene chikubwera, monga kusamba, kuvala, kutuluka, umachepetsa mantha. Mfundo imeneyi inakula ndi pulogalamu ya TEACCH ya Eric Schopler ku North Carolina, ndipo siifuna ndalama, katoni ndi guluu basi.

Ndili nayo ineyo:

Ndili ndi zaka 31, anandipeza ndi autism ndili ndi zaka 27. Ndinayamba kulankhula ndili ndi zaka 5. Pano ndimagwira ntchito yowerengera katundu m'nyumba yosungiramo zinthu. Ndilemba mosapsatira chifukwa ndi mmene ndimathera, musakhumudwe.

Achimwene a mabasi ndi aphunzitsi anena zabwino. Koma ndikamawerenga mawu oti "khalidwe" thupi langa limauma, ndiye ndinene za mbali inayo.

Pali kulira kwa mitundu iwiri. Kwina mwana akufuna chinthu, amakuyang'anitsitsani kuti aone ngati mukugonja, mukam'patsa amatonthola. Kwinako ndi kusefukira. Phokoso, kuwala, fungo, anthu, zonse zalowa nthawi imodzi ndipo mulibenso malo. Pamenepo palibe chimene ndikupempha, ngakhale mutandipatsa dziko lonse. Ndili mwana ndinkamenyetsa mutu pachitseko cha kabati chifukwa ululu umodzi waukulu unkazimitsa timaululu tambirimbiri. Munthu akamandilankhula nthawi imeneyo mawu ake ankangokhala phokoso lina loonjezera. Chinkandithandiza ndi chipinda chamdima, bulangeti lolemera ndi munthu wokhala chete pafupi. Nthawi imeneyo si yophunzitsa chithunzi. Phunzitsani ali bwino.

Makina ometera tsitsi kwa inu amangoti ziii. Kwa ine ankamveka m'mano. Ankandigwira anthu atatu, n'kumati ndine wamwano. Palibe anaganiza zongotenga sizasi.

Chimene ndikupempha ndi ichi. Mukadzapeza katswiri, mufunseni zolinga zake. Kusiya kudzipweteka, kupempha madzi, kunena kuti ayi, kupita kuchimbudzi yekha, kuima akamva kuti ima pamsewu: zimenezo ndi zake, zimutumikira moyo wonse. Koma ngati cholinga ndi choti asiye kukupiza manja, asiye kudzigwedeza, aziyang'ana anthu m'maso, funsani kuti zikuthandiza ndani. Ine anandiphunzitsa kuyang'ana m'maso pondigwira chibwano. Ndinaphunzira. Koma ndikamakuyang'anani m'maso sindimva zimene mukunena, mphamvu zonse zimathera pa kuyang'anako. Anandiphunzitsanso kukhazika manja pamiyendo, ndipo chimene chinkatulukira m'manja chinayamba kutulukira pa kudzikanda usiku. Ambiri a ife akuluakulu timadandaula ndi ABA ya mtundu umenewu. Katswiri wokana kuti mukhale nawo m'chipinda, kapena wobisa chakudya kuti mwana amvere, muthaweni.

Chithunzi choyamba chikhale cha chinthu chimene amakonda, monga anenera aphunzitsi. Chachiwiri chikhale choti "basi" kapena "ndipume", ndipo akachipereka muchilemekeze. Mwana amene waphunzitsidwa kumvera wamkulu aliyense popanda kukana ali pangozi, makamaka ngati sangathe kufotokoza zimene wina wamuchita.

Zopanira zovalazo musamulande. Si matenda, ndi pamene dziko limakhala m'malo mwake. Komanso musamanene za iye ngati palibe. Ine ndinkamva zonse. Ndimakumbukirabe azakhali anga akufunsa mayi anga, ine ndili pansi pa tebulo, ngati ndidzakhale munthu.

Agogo a atatu:

Mwana wanga, ine ndilankhule ngati apongozi, chifukwa apongozi ovutawo ndinali ine. Mdzukulu wanga wamkazi ali ndi autism, ndipo mpongozi wanga ndinamunena zambiri zimene ndikakumbuka ndimagwira pakamwa. Mudziwe kuti munthu wamkulu akamati "ndalera ana ambiri", pansi pake pali mantha. Zimene wadziwa moyo wake wonse zakanika pa kamwana kamodzi, ndipo kuvomereza n'kowawa.

Ine sanandigonjetse ndi mtsutso. Mpongozi wanga anangoti, "Amayi, mawa mundiperekeze kuchipatala, ndekha sindimutha panjira." Kumeneko ndinamva ndi makutu anga, ndinafunsa mafunso anga, ndinaonanso pabenchi makolo ena ndi ana onga wathu. Bungwe la WHO linkanena kuti mwana mmodzi pa ana pafupifupi 100 alionse ali nayo, koma ine ndinakhulupirira nditaona benchi ija. Pabenchi pomwepo ndi pamene panabadwira kagulu kathu. Tilipo mabanja asanu, timakumana kamodzi pamwezi, timasinthana kusunga ana kuti wina akagone tulo kapena akaone odwala. Aphunzitsi ati pa zithunzi pamafunika munthu wachiwiri. Musakamufune kutali, ali m'nyumba mwanumo. Koma chikwapu chokha muwauze mwaulemu, pamaso pa mwana wawo, kuti m'nyumba muno ayi.

Ndipo kamtsikana kaima pakhomo ndi kope kaja musakaiwale. Ana otere amaphunzira kukhala chete kuti asaonjezere mavuto, ife n'kumati ndi ofatsa. Kapatseni mphindi zakezake tsiku lililonse, chitseko chotseka, ndipo kakanena kuti mlongo wake amakatopetsa musakadzudzule.

Mayi wa awiri:

Pepani ndinangoti zii, papita milungu isanu. Ndinawerenga zonse kangapo, za a Ndili nayo ineyo ndinawerengera kubafa chifukwa cha misozi. Zoti amamva ndinali ndisanaziganizepo, ndipo ndanena zambiri pamaso pake.

Tinapita kwa dokotala wa mano. Dzino lam'munsi chakumanzere linali lobooka, analisamalira. Kumenya kwa usiku kunatha mlungu womwewo. Ndinadzimvera chisoni kuti miyezi yonseyi mwana akumva ululu ine ndikuti ndi khalidwe.

Kope linaonetsa zotsalazo. Pa maulendo 23 amene ndinalemba, 14 anali pamene wina watseka mpopi kapena wamuchotsa m'beseni. M'gawo lachitatu, nthawi zambiri ine ndinatsegulanso mpopi. Maulendo ena asanu anali madzulo wailesi ndi TV zikulira pamodzi, mlongo wake akuimba, poto akutokota, ndiye ndikuganiza kuti kumeneko ndi kusefukira kuja. Nthawi imeneyo pano timazimitsa wailesi, ndipo ndamuikira bulangeti kuseri kwa mpando. Amapitako yekha.

Ndinajambula mpopi wathu n'kumata chithunzicho pakatoni. Apongozi kuchipatala anakana, akuti iwo sadwala. Koma nditawapempha kuti akhale kumbuyo kwa mdzukulu wawo n'kumagwira dzanja, anavomera, mwina pofuna kundionetsa kuti sizigwira ntchito. Masiku anayi oyamba kunali nkhondo, chithunzi chinaponyedwa m'madzi kawiri, ine ndinalumidwanso. Abambo a mabasi, mukanapanda kundichenjeza ndikanasiyira pomwepo. Tsiku lachisanu ndi chinayi apongozi anali asanamugwire n'komwe, iye anatola katoni kaja n'kundiika m'dzanja. Apongozi anakuwa mpaka mwana anatseka makutu, ndiye tinachita kuwauza kuti aziombera m'manja chamumtima. Pano akuuza aliyense kuti anamuphunzitsa ndi iwo. Ndangowasiya.

Sikuti zatha. Dzulo wamenya kawiri, ndipo kamodzi sindikudziwa chifukwa chake. Kwa anansi ndafika nyumba ziwiri zokha, ya mwana wolumidwa uja miyendo ikukanabe. Bambo ake atenga ntchito yomusambitsa ndipo amanena "katsala kamodzi" mokweza ngati akulengeza pabwalo la mpira.

Vuto latsopano ndi lakuti wazindikira kuti chithunzi chimagwira ntchito nthawi iliyonse. Lero 4 koloko m'bandakucha ndadzidzimuka katoni konyowa kali pa tsaya langa, iye ataima pambali pa bedi. Ndinadzuka n'kukatsegula mpopi, poti munati masiku oyamba ndisamukanize. Aphunzitsi, kudikira ndiyambe kumuphunzitsa liti, ndipo ndiyambe ndi masekondi angati? Komanso amatafuna m'mbali mwa katoni, aka ndi kachitatu. Inu mumakutira ndi chiyani kuti kazilimba?